Phunziro la Malimidwe: Kusankha Mtundu wa Blackberry Woyenera Dziko Lotentha la ku Kafue

Alimi anzathu a ku Kafue ndi a m'midzi yozungulira, phunziro la lero likunena za cipatso cimene ena a inu mumaciona nthawi zina m'masitolo akuru a mu Lusaka, coikidwa m'timbale tating'ono ndi kugulitsidwa pa mtengo wokwera. Dzina lace ndi blackberry. Maonekedwe ace afanana kwambiri ndi malubeni, amene anzathu a ku Malawi amawacha mabulosi, ndipo cifukwa ca ici anthu ambiri amaganiza kuti kumene kumera malubeni, blackberry adzameranso ndi kubala bwino lomwe. Maganizo otere ndiwo amatayitsa ndalama. Mbeu ziwirizi siziri pa ubale konse. Malubeni ndi mtengo, mbale wace wa mkuyu. Blackberry ndi citsamba, ndipo kwao kweni kweni ndi ku maiko ozizira.

Mitundu ya blackberry ndi yambiri ndithu. Ina siingabale ku Kafue ngakhale muisamale cotani, ina ingayesedwe. Munthu amene asankha molakwa amathirira madzi zaka ziwiri, nataya malo amene akadabzalapo repu kapena matimati, ndipo potsiriza amakolola masamba okha okha. Tsono werengani bwino musanaturutse ndalama m'thumba.

Makhalidwe a mbeu imeneyi

Mizu ya blackberry imakhala ndi moyo zaka zambiri, koma za pamwamba pa nthaka sizitero. Caka ciri conse mizu imaturutsa mphukira zazitali zonga ndodo, ndipo m'phunziro lino tidzazicha ndodo. Pa mitundu yambiri, ndodo imangokula caka coyamba osabala kanthu. Ikapyola nyengo ya cisanu, caka caciwiri, imaturutsa tinthambi ta m'mbali, icita maluwa, ibala, ndipo ikatha kubala imauma. Pa nthawi yomweyo ndodo zatsopano zimakhala zirinkukula kuti zidzabale caka ca mawa.

Cinthu cacikuru ciri pakati pa zaka ziwirizo. Nyengo yozizira ikafika, maso a pa ndodo amagona tulo, ndipo sadzuka bwino kufikira atamva cisanu cokwanira. Akatswiri a zipatso amawerenga cisanu cimeneci m'maora, ndiwo maora onse a caka amene kuzizira kuli pakati pa madigiri 0 ndi 7. Mtundu uli wonse uli ndi muyeso wace. Wina ufuna maora 200, wina 500, wina 900. Muyeso ukapanda kukwana, maso ambiri sadzuka, ena adzuka mocedwa, maluwa acepa, ndipo citsamba cimaoneka cobiriwira bwino koma copanda zipatso. Manyowa ndi madzi sizingakonze bvuto limeneli. Cotero funso loyamba pogula mbande ndi ili: kodi mtundu uwu ufuna maora angati a cisanu? Wogulitsa amene sadziwa dzina la mtundu wace kapena muyeso wa cisanu cace, musiyeni ndi mbande zace.

Dziko la ku Kafue

Kafue ali pafupi makilomita 45 kumwera kwa Lusaka, m'mbali mwa mtsinje, ndipo ndi malo otsika koposa Lusaka. Lusaka akwera kupitirira mamita 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, pamene Kafue ali pafupi mamita 1,000. Kutsika kumeneku kutanthauza kutentha. Inde, m'miyezi ya June ndi July kumazizira mbanda kuca, ndipo m'madambo nthawi zina cisanu cimaocha masamba a nthoci. Koma kuzizirako kumakhala maora owerengeka okha, ndipo dzuwa likakwera kumafundanso. Kufunda kwa masana kumafafaniza gawo lina la cisanu cimene maso analandira usiku.

Mungathe kudziyesera nokha osasowa cipangizo. Yang'anani mitengo ya anansi anu. Kumene mango, mapapaya ndi nthoci zikondwa, ndipo maapozi akana kubala, pamenepo cisanu ncocepa. Umu ndimo muliri m'mabwalo ambiri a ku Kafue Estates, Shikoswe ndi Zambia Compound.

Caciwiri ndi kutentha kwa September, October ndi November, pamene masana amapitirira madigiri 30. Imeneyi ndiyo nthawi imene blackberry acita maluwa ndi kukhwimitsa zipatso. Dzuwa lamphamvu limapsereza cipatso, mbali ina isanduka yoyera ndi youma.

Cacitatu ndi nthaka. Kufupi ndi mtsinje ndi m'cigwa ca Kafue muli makande, dothi lakuda limene ling'ambika m'cilimwe ndi kusunga madzi m'dzinja. Mizu ya blackberry imaola msanga m'madzi oima. Katondo ndi dothi losanganiza ndi mcenga la ku mtunda ndilo labwino koposa.

Cacinai ndi kucepa kwa malo. Pamene Boma linamanga mafakitale ku Kafue kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito mu 1970, nyumba zambiri zinamangidwa cifukwa ca anchito. Mabwalo a nyumba za m'tauni ndi ang'ono, ndipo ana amasewera pomwepo. Citsamba ca minga pa bwalo lotere cifunika kuciganizira kawiri.

Mitundu yosayenera kuigula

Mitundu yochuka ya ku Ulaya ndi ya kumpoto kwa America inakonzedwera maiko a cipale cofewa. Loch Ness anacokera ku Scotland. Chester Thornless anaturutsidwa ku America mu 1985. Navaho, wa ku sukulu yaikuru ya Arkansas, afuna maora 800 kufikira 900. Yonse itatuyi iribe minga ndipo zithunzi zace nzokongola, koma Kafue alibe cisanu cokwanira kuidzutsa. Musaigule.

Youngberry, mbale wa blackberry woyanga pansi ngati dzungu, amalimidwa ku South Africa ca ku Swellendam, kumene nyengo yozizira ndi yaitali ndipo mvula imagwanso nthawi ya cisanu. Pomva kuti mbeu imabala ku South Africa musafulumire kunena kuti idzabalanso kuno. Funsani kuti ndi dera liti la dzikolo.

Cenjeraninso ndi timapaketi ta njere. Blackberry womera ku njere amacedwa kumera, ndipo safanana ndi mace. Mtundu weni weni umafalitsidwa ndi mphukira, tizidutswa ta mizu, kapena nsonga ya ndodo yokwiriridwa pansi.

Mitundu imene ingayesedwe

Pali mitundu inai imene inakonzedwera maiko ofunda, kapena imene ibala popanda kudikira cisanu cambiri.

Woyamba ndi Tupy. Unaturutsidwa mu 1988 ndi bungwe la Boma la Brazil lofufuza za malimidwe, lochedwa Embrapa, pa malo ace a ku Pelotas. Ufuna maora 200 kufikira 300. Zipatso zace nzazikuru ndi zokoma, ndodo zace nzoimirira, koma uli ndi minga. Kwa zaka zambiri Tupy ndiye anali mtundu waukuru wa alimi a ku Michoacán m'dziko la Mexico, amene amatumiza zipatso zao ku United States. Kumeneko cisanu ncocepa, ndipo alimiwo amadula nsonga za ndodo ndi kuyoyola masamba onse kuti maso adzuke. Koma dziwani kuti minda yaoyo iri pa mapiri okwera koposa Kafue.

Waciwiri ndi Brazos, wa ku Texas, wa caka ca 1959. Ndi mtundu wakale wolimba, wozolowera kutentha, wobala zambiri. Zipatso zace nzowawasa pang'ono, zoyenera kuphikira jamu, ndipo minga yace ndi yoopsya.

Wacitatu ndi Kiowa, wa ku Arkansas, wa caka ca 1996. Muyeso wa cisanu cace uli pafupi ndi wa Tupy. Zipatso zace nzazikuru kwambiri, ndipo iyenso ali ndi minga.

Wacinai ndi Prime-Ark Freedom, amene John R. Clark wa ku sukulu yaikuru ya Arkansas anaturutsa mu 2013. Uyu asiyana ndi anzace pa zinthu ziwiri. Alibe minga, ndiponso amabala pa nsonga za ndodo za caka comweco, zimene sizinapyole cisanu konse. Kwa ife a dziko lofunda ici ndi cinthu cacikuru. Koma ali ndi cofooka cace: kutentha kukapitirira madigiri 30 pa nthawi ya maluwa, zipatso zimacepa ndi kukhala zopunduka. Amene ayesa mtundu uwu acite bwino kudula ndodo zace pansi kumayambiriro a dzinja, kuti ndodo zatsopano zikule ndi mvula, zidzacite maluwa m'masika pamene kutentha kwacepa.

Taonani kuti itatu mwa mitundu inaiyi iri ndi minga. Pa munda wa kumudzi kapena pa dimba minga iri ndi phindu lace, cifukwa mzere wa Brazos umachinga mbuzi ndi anthu odutsa. Pa bwalo la m'tauni pamene pali ana ang'ono, wopanda minga ndiye woyenera. Cina comwe muyenera kudziwa ndi ici: mitundu yonse inaiyi ibala koposa kumene kuli cisanu coposa ca ku Kafue. Kuibzala kuno ndi kuyesa, ndipo woyesa sagulitsa mbuzi kuti agule mbande makumi asanu. Yambani ndi mbande zitatu kapena zinai, makamaka za mitundu iwiri, kuti muone wokondwa pa nthaka yanu.

Kumene mungapeze mbande

Gulani kwa olera mbande odziwika, amene angakuuzeni dzina la mtundu ndi kukuonetsani citsamba cimene cinabala kale. Cabwino koposa ndi mphukira yocokera kwa mlimi wa m'dera lanu lomwe amene citsamba cace munaciona ndi maso anu ciri ndi zipatso. Mbande ikhale ya mizu yoyera, yopanda zotupa pa tsinde, ndi ya masamba opanda mawanga acikasu.

Musatume mbale wanu wocokera ku South Africa kapena ku Zimbabwe kuti akubisireni mbande m'cikwama. Mbeu iri yonse yolowa m'dziko lino ifuna cilolezo ca Unduna wa Malimidwe, copyolera ku ofesi yoona za matenda a mbeu, ya Plant Quarantine and Phytosanitary Service. Lamuloli liripo cifukwa mbande imodzi yodwala ingalowetse nthenda imene idzasautsa alimi a dziko lonse.

Kabzalidwe ka mbande zoyesa

1. Sankhani malo olandira dzuwa la m'mawa, koma okhala ndi mthunzi pang'ono madzulo, monga kum'mawa kwa nyumba kapena kwa mpanda.

2. Kumbani dzenje lofika m'bondo, mulidzaze madzi. Ngati m'mawa mwace madzi akalipo, malowo sacotsa madzi bwino. Pa makande undani mzere waukuru wokwera masentimita 30, wosanganiza ndi mcenga ndi manyowa oola, ndipo mubzale pamwamba pace.

3. Blackberry akonda nthaka yowawasa pang'ono. Musathire phulusa lambiri kapena laimu. Masamba atsopano akamaoneka acikasu, mitsempha yokha iri yobiriwira, kawiri kawiri ndiye kuti nthaka kapena madzi ziri ndi laimu wocuruka. Ofuna kuyesetsa nthaka yao afunse za malo a Boma ofufuzira za malimidwe a ku Mount Makulu, ku Chilanga.

4. Mbande za m'matumba bzalani m'December mvula itakhazikika. Pakati pa mbande ndi inzace pakhale mita imodzi, ndipo thirani ndowa imodzi ya manyowa oola pa dzenje liri lonse.

5. Zikani mitengo yolimba, mumange mawaya awiri, wina ofika m'ciuno, wina ofika pa phewa. Ndodo ikafika m'cifuwa tsinani nsonga yace kuti icite nthambi za m'mbali, zimene zidzabala.

6. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma wocindikala, koma udzuwo usakhudze tsinde, kuopa ciswe.

7. Mizu ya mbeu imeneyi siipita pansi kwambiri. M'miyezi yotentha citsamba ciri conse cifuna zigubu ziwiri za malita 20 pa mlungu, mozigawa kawiri kapena katatu. Werengani madzi anu musanabzale. Thirani pa nthaka, osati pa masamba.

8. Musathirire ndi madzi a m'ngalande zocokera ku mafakitale kapena ku zimbudzi. Cipatso ici cimadyedwa cosaphika, ndipo ana amacithyola ndi kuciponya m'kamwa osatsuka.

9. Thyolani cipatso cikada bii ndi kuyamba kufewa. Cofiira ncaciwisi, ndipo cikathyoledwa sicipsyanso. Popanda firiji sicikhala koposa tsiku limodzi kapena awiri.

10. Ndodo imene yatha kubala iduleni pansi ndi kuiocha.

Zikapita zaka zitatu citsamba cisanabale zipatso zodzaza mbale, cizuleni ndi mizu yomwe, mubzalepo cina.

Musailole kuthawira ku thengo

Abale a blackberry ali ndi mbiri yoipa kumene nyengo iwakomera. Ku KwaZulu-Natal, m'dziko la South Africa, mtundu wina wocokera ku America unalanda mabusa a ng'ombe ndi minda ya mitengo, kotero kuti malamulo a dzikolo alamula kuuzula. Pa phiri la Zomba ku Malawi, mtundu wa zipatso zacikasu wocokera ku mapiri a Himalaya unafalikira m'nkhalango; anyamata amagulitsa zipatso zace kwa alendo m'mbali mwa mseu, koma citsambaco cimatsamwitsa mitengo ina. Zitsanzo zimenezi zitiphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba, mbeu za mtundu uwu zikondwa pa mapiri ozizira, osati m'zigwa zotentha. Caciwiri, ziyenera kuyang'aniridwa. Mphukira zoturuka kunja kwa mzere zidulidwe ndi khasu, ndipo zodulazo musazitaye m'mbali mwa mtsinje kapena pa dambo.

Malubeni, mtengo umene tiri nao kale

Akuru anati fodya wako ndi uyo ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Banja limene cofuna cace ndi cakuti ana adye zipatso caka ndi caka, libzale malubeni poyamba. Mtengo uwu unacokera ku China, koma unazolowera dziko lino kale kale. Sufuna cisanu cambiri, suopa dzuwa la October, ulibe minga, ndipo ukakula umapirira cilimwe popanda kuthirira. Umapsya m'September ndi October, nthawi imene zipatso zina zikusowa, mango asanayambe. Pa za thanzi malubeni sacepa konse: magalamu 100 a malubeni ali ndi mamiligalamu a vitamini C pafupi 36, pamene a blackberry ali ndi pafupi 21. Masamba ace ndi cakudya cabwino ca mbuzi ndi akalulu.

Pa malubeni kusankha kuliponso. Mitengo ina ibala zipatso zazikuru zotsekemera, ina tating'ono tosakoma, ndipo ina ndi yaimuna, imene icita maluwa koma siibala. Njira yosankhira ndi yapafupi. Pa nyengo ya zipatso yendani kwa anansi, mulawe, ndipo mtengo umene wakukondweretsani muukumbuke. M'July kapena m'August, masamba atayoyoka, pemphani nthambi zokhwima zonenepa ngati cala, muzidule kutalika masentimita 25 kufikira 30, ciri conse cikhale ndi maso atatu kapena anai. Zikani m'matumba a dothi pa mthunzi, maso awiri pansi, muzithirira, ndipo mvula ikayamba muziokere pa malo ace. Mtengo wotere udzafanana ndi mace m'zonse, ndipo kawiri kawiri uyamba kubala caka caciwiri. Uliponso mtundu wa zipatso zazitali ngati cala, wochedwa Pakistan kapena Shahtoot. Umenewu ubvuta kumera ndi nthambi, ndipo kawiri kawiri umagulidwa womezanitsa.

Bzalani malubeni kutali ndi cipupa ca nyumba, mipope ya madzi ndi cimbudzi, cifukwa mizu yace imayenda. Musaike pafupi ndi cingwe coyanikira zobvala, pakuti madzi a zipatso zace ndi zitosi za mbalame zimadetsa nsaru. Ukatha kubala dulirani nthambi zace kuti ukhale waufupi, ana azithyola ali pansi.

Mafunso oti mukambirane

Owerenga phunziro lino pamodzi m'magulu a alimi ndi a amai ayankhe mafunso awa. Kodi ncifukwa ninji blackberry wobiriwira bwino angakane kubala? Ndi mitundu iti itatu imene tanena kuti isagulidwe, ndipo ndi inai iti imene ingayesedwe? Pa bwalo lanu pali madzi okwanira kuthirira zitsamba zinai m'October? Ndi mtengo uti wa malubeni m'mudzi mwanu umene ubala zipatso zokoma koposa, ndipo ndani adzapempha nthambi zace m'July?

Amene ayesa mtundu wina wa blackberry alembe m'kabuku dzina lace, tsiku lobzala, mwezi umene unacita maluwa, ndi kucuruka kwa zipatso zimene anathyola. Kabukuko akaonetse Mlangizi wa Malimidwe wa m'dera lace, kuti alimi ena a ku Kafue adziwe mtundu umene wabvomera nthaka yao asanagule mbande.